Mchere wa kwa Exildah

Exildah ndimamudziwa kuyambira tili ana ku Makandanyama, komboni ya ku Kabwe. Agogo ake anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito kumgodi wa Kabwe. Mgodi unatsekedwa, banja linatsala ndi fumbi lake. Tinkamuseka chifukwa samva fungo. Nyemba zipserere pamoto, iye ali phee kuluka tsitsi. Atakula anasankha benchi ya nsomba zouma kumsika, pamene enafe timadutsa titagwira mphuno.

Anzake tonse tinatha msinkhu, iye ayi. Anangotalika ngati nzimbe, pachifuwa pali see. Mayi ake anatopa ndi mafunso a azimayi a kumpopi, ndiye anaitana alangizi n'kuwauza kuti mwana wakula. Anamulowetsa m'nyumba, ng'oma zinalira, ifenso tinavina. Anamulangiza za mwezi umene anali asanauonepo: ukakhala kumwezi usathire mchere m'ndiwo, mwamuna angadwale, upachike mkanda wofiira kuchipinda kuti adziwe osamuuza. Mayi ajawo ndimawakwiyirabe ngakhale anamwalira. Anathawa manyazi awo n'kumusenzetsa mwana bodza.

Anakwatiwa ndi January Mbewe, wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo. Exildah anasunga malangizo onse. Mwezi uliwonse ankapachika mkanda wake, kenaka n'kubwera pampanda wathu.

"Ba Selina, bwelani muniikileko salt."

Ine n'kupita kukathira, zaka ndi zaka, osadziwa kanthu.

Masiku otero January ankangoti ndwii. M'banjamo munalibe mwana. January ali mnyamata ankakumba zitsulo pamulu wa zotsalira za mgodi, ndipo anadziuza yekha kuti mtovu unamupha mbewu. Anaululira mwamuna wanga ataledzera. Kuchipatala sankafuna kumvako, ati akamva zimene akudziwa kale. Azichemwali ake a ku Chililalila akabwera ndi maina a akazi ena oti akwatire, ankawapitikitsa. Madzulo ankamusenzera Exildah matumba a nsomba, n'kumati mkazi wina akanamuthawa kalekale. Ndinkamusirira Exildah, sindibisa.

Chaka chatha anaterereka pamatope kumsika, mkono n'kuthyoka. Ndinamuperekeza ndine. Dokotala, mayi wachitsikana, anadabwa kuona mafupa ofooka ngati a nkhalamba, ndipo anafunsa kuti anasamba liti komaliza. Kaya ndi ululu, kaya kutopa, Exildah ananena zoona, kuti chibadwire sanapitepo kumwezi. Ine kukamwa kunangoti yasa.

"Nanga fungo mumamvela?" anafunsa dokotala.

"Awe, kuchokela nili mwana."

Atamuyeza magazi anatifotokozera. Munthu akadali m'mimba mwa mayi ake, timaselo tina timayambira kumphuno n'kuyenda mpaka mu ubongo. Tikafika timagwira ntchito ngati munthu wogogoda pachitseko: kugogoda, kuleka, kugogodanso. Kugogodako n'kumene kumadzutsa kachiwalo kapansi pa ubongo kotumiza mahomoni kumazira. Kwa Exildah timaselo tija sitinafike, ndipo njira ya fungo nayo sinalumikizike. Chiberekero chilipo, mazira alipo, koma uthenga sunabwerepo.

Mapiritsi, anatero dokotala, alimbitsa mafupa ndipo magazi ayamba kubwera. Koma mwana ndi nkhani ina. Pamafunika majekeseni a miyezi yambiri kwa akatswiri ku Lusaka, mwamuna akhalepo, ndipo kwa munthu woyandikira zaka makumi anayi sangalonjeze kanthu.

"Mukanabwela kudala," anatero motsitsa mawu, kutanthauza kuti tinachedwa.

Tinakwera basi kubwerera. Titatsika Exildah anandigwira chitenje.

"Ba Selina, mukankalepo pamene nizabauza. Neka siningakwanise."

Tinamupeza January akusamba m'manja pakhonde. Exildah anagwada, mkono uli m'pulasitala.

"Ba January, ine sininayendepo ku mwezi. Olo kamozi. Ba dokota bakamba ati vuto ili mu mutu mwanga, ninabadwa nayo. Koma ku Lusaka kuli ma injection, tikayenda tonse..."

Ndinaima pafupi, ndikuganiza kuti amumenya. Akanamumenya, ndikanadziwa chochita. January anangokhala pansi, madzi akudontha m'zala.

"Manje... ndiye kuti ine nilibe problem?"

"Kapena mulibe."

Anagwira pakamwa. Kenaka anaseka, misozi ili chuchuchu, akuyang'ana kumwamba.

"Lesa wanga! Kansi ningabale?"

Sanakwiye. Sanafunse n'komwe kuti anamunamiziranji. Nkhope yake inawala ngati ya mwana, ndipo Exildah, ali chigwadire, anaiona bwinobwino. Ine mtima unandipweteka mpaka ndinayang'ana kumbali.

Za ku Lusaka January sanazitchule, tsiku limenelo kapena lina. Lamulungu anasita malaya yekha, n'kupesa tsitsi, nati akukaona azichemwali ake ku Chililalila.