Mfuti ya pa Manda a Mkulu Wanga

Ndinadzuka kusanache pansi pa mtengo wa tsanya pomwe amuna tinagona. Moto unali utazilala. M'nyumba amayi a mpingo anali atatopa ndi nyimbo. Tinabadwa awiri, ine ndi mkulu wanga. Tsopano ndinali ndekha.

Iye anali sikauti wolondera nyama kufupi ndi Mfuwe. Anaphedwa ndi njati, mfuti yake yakale itakana kulira. Zatsopano zinalipo kumsasa. Akuluakulu a kutauni anazigula osayamba afunsa kuti mosungiramo muli zipolopolo zotani. Zomwe zinalimo sizinkalowa m'mfuti zatsopanozo.

Bambo wathu anali mlenje. Kwathu mwana wa mlenje sakwiriridwa mfuti isanalire. Mkulu wanga ankandikumbutsa kawirikawiri, ndipo ndinamulonjeza.

Dzuwa litakwera anthu anafika, a ku Jumbe pa minibasi, a ku Mnkhanya pa njinga. Kunatentha. Utsi wa moto wophikira unangoima pabwalo. Masikauti anabwera pa lole, mfuti zatsopano zikuwala pamapewa. Ndinafunsa mtsogoleri wao ngati aombe.

"Pepani, akulu," anatero. "Izi n'zongonyamula. Zipolopolo zake sizinafike. Mfuti zakale zija anatilanda."



Tinanyamula bokosi kudutsa m'minda youma. Kumanda adzukulu analitsitsa, nkuima ndi makasu m'manja. Ankayang'ana ine. Mlamu wanga, mkazi wa malemu, nayenso ankayang'ana ine. Ndinalibe choti ndichite.

Pamenepo m'tchire munatuluka mdala wina. Mkulu wanga anamumangapo chifukwa chopha mbawala. Mdalayo anali atanyamula gogodera, mfuti yothira wonga kukamwa, yomwe ukapezeka nayo ndi ndende. Anthu anapatuka.

"Mundimange mawa, ana inu," anauza masikauti. "Lero ayi."

Mtsogoleri uja anamuyang'ana. Kenako analamula anyamata ake kuti atembenukire kumtsinje wa Luangwa, asaone kanthu. Anatembenuka onse.

Gogodera inalira kamodzi. Mbalame zinabalalika. Adzukulu anayamba kukwirira. Mdala uja anabwerera m'tchire osapatsa munthu moni.

Madzulo anthu anapita. Mlamu anakagona kwa abale ake. Ndinakhala pakhonde la nyumba ya mkulu wanga. Majombo ake anali pakhomo, matope a tsiku lija akadalipo. Panalibe woyankhula naye. Malaya anga ankanunkha wonga, ndipo sindinawavule.