Nyumba Yathu ya Mdindo kwa Nthache

Ndili Sitandade 6 tinkakhala pa boma la Mwanza, m'nyumba ya lendi ya malata kuseri kwa msika. Tinalipo abambo, amayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono amene anali atangoyamba sukulu. Abambo ankagwira ntchito ku boda, kuthandiza madalaivala a mathiraki pa za mapepala a katundu. Amayi ankagulitsa manachesi m'mbali mwa msewu mpaka pamene chifuwa chinawagwira n'kuwakhazika pakhomo.

Chaka chimenecho abambo anayamba kumanga nyumba kwawo kwa amayi, kwa Nthache. Anakana kuwotcha njerwa. Ankati phiri la kumeneko linameteka kale ndi makala, ndiye iwo sangadulenso mitengo yotsalayo. Anasankha mdindo: kuthira dothi lonyowa pang'ono m'chikombole cha matabwa, kulisinja mpaka litalimba, kenako n'kukweza chikombolecho. Makoma anali okhuthala, mawindo aakulu, denga la udzu lotulukira kunja kuti mvula isamamenye khoma.

Amalume, achimwene awo a amayi, ankaseka. "Alamu, munthu wa ku boda n'kumanga nyumba yadothi?"

"Mudzalowemo dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, mudzaone kuzizira kwake," abambo ankatero.

Amene anatiuza anafe za kusamuka anali amayi. Anatikhazika pakhonde tsiku lina titaweruka kusukulu.

"Mvula isanagwe tisamuka. Kumeneko kulibe magetsi, madzi ndi a pamjigo, sukulu ili patsidya pa mtsinje. Ndikukuuziranitu kuti musakadabwe."

Mlongo wanga anafunsa ngati kuli koonetsa vidiyo. Atamva kuti kulibe, anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira. Ine chimene chinandigwira chinali manyazi, poganiza kuti anzanga aziti tasauka.

"Amayi, bwanji osangokhala konkuno?"

"Malata akundiwotcha, mwana wanga. Ndikufuna kokapumira bwino."

Kuyambira pamenepo, Loweruka tinkapita kukaona nyumbayo. Tinkakwera matola, kenako n'kuyenda pansi, amayi akupumira m'njira. Tikafika ankakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango n'kumatilangiza. Mlongo wanga anamupatsa ntchito yothirira mbande za manachesi, ndipo anamulonjeza nkhuku yakeyake. Zimenezi zinamutonthoza. Pasanapite nthawi anayamba kudzitama kwa anzake a pa boma kuti nyumba yathu ndi yomanga tokha.

Ine anandiphunzitsa kuzira. Ndinkakatenga dothi lakuda kudambo, kulisakaniza ndi madzi, kulipaka pansi ndi chikhatho, likayamba kuuma n'kulisalaza ndi mwala. Anandionetsanso tinjira ta chiswe m'munsi mwa khoma ndi mmene ndingatiphwanyire tisanakwere kudenga. Ndikalakwitsa ankandibwerezetsa. Tsiku lina msana utandipweteka ndinadandaula.

"Bwanji osadzandiphunzitsa tikasamuka?"

"Ayi. Lero lomwe."

Anayankha osandiyang'ana, ndipo ine ndinangoti akundivutitsa.

Titayamba kulongedza katundu m'makatoni, matenda a amayi anakula. Anawagoneka kuchipatala cha pa boma. Loweruka limenelo ndinapita kwa Nthache ndi abambo okha, ndipo pobwera ndinadzera kuchipatala. Ndinawapeza ataonda kwambiri, mawu akutuluka movutikira.

"Pansi pauma?"

"Pauma, amayi, koma chapakhomo pang'aluka."

"Unachulutsa madzi. Ukabwereze."

Anamwalira sabata yomweyo.

Maliro tinapita nawo kumudzi. Nyumbayo inali isanaikidwe chitseko, choncho azimayi anapachika chitenje pakhomo. Bokosi analiika pabalaza, pansi pomwe ndinazira ine. Kunja kunali kutentha koopsa, ndipo anthu akalowa kudzakhuza ankanong'onezana kuti m'nyumbamo mukuzizira bwino. Abambo atamva mawu amenewo anatuluka, n'kukaima kuseri atatsamira khoma. Ndinawatsatira, koma nditaona mapewa awo akugwedezeka ndinabwerera. Mlongo wanga anakaniratu kulowa. Anakhala pa mbande zake tsiku lonse.

Mwambo wa kumeta utatha, amalume anaitana abambo pansi pa mango paja, achibale ena ali pomwepo. Ine ndinkatsuka mbale chapafupi.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Mlongo wathu watisiya. Inu ndinu omasuka kubwerera kwanu. Anawa ndi athu, tiwasunga."

Abambo anayankha akuyang'ana pansi.

"Ndamva, alamu, ndipo sindikutsutsa mwambo. Koma ndikupempha, ndiloleni ndilere anawa pano. Mayi awo anatha mphamvu zawo zomaliza powakonzekeretsa kudzakhala m'nyumba iyi. Ndikachoka, anawa ndiwauza chiyani?"

Amalume anati akambirana kaye ndi akuluakulu. Yankho sitinalimve pakamwa pawo. M'mawa mwake anangobwera atasenza chitseko cha matabwa, hamala ili m'manja, n'kuuza abambo kuti agwire mbali inayo.

Katundu wathu anabwera pa lole ya mnzawo wa abambo. Abambo anagula njinga yoti azipitira ku boda. Ine ndinayamba sukulu ya patsidya, ndipo palibe anandiseka, poti ambiri kwawo kunalinso nyumba zadothi.

Mlongo wanga yekha ndiye anapitiriza kugona kwa amalume, kumene ankagona chiyambire maliro. Chakudya ankadyera pakhonde pa nyumba yathu. Abambo anati tisamukakamize. Mvula yoyamba inamupeza pakhonde pomwepo madzulo ena, mphepo ikumuwaza madzi. Anasuzumira pakhomo.

"Achemwali, amayi anawagoneka pati?"

Ndinamulozera.

Analowa akuyenda m'mbalimbali mwa khoma, osaponda pamalopo, n'kukayala mkeka wake kungodya yakutali. Anagona pangodya imeneyo mpaka atakula.