Belu la pa Chigawo cha 212

Nyimbo imene inapatsa a Eilif Haugland mphotho ku Oslo ndinaiyamba ine, ndikuimba mluzu posamba. Chabwino, limenelo ndi bodza. Koma za Torunn, mwana wa mlongo wanga, ndinena zoona zokhazokha.

Torunn anakula akumenya mapoto a mayi ake mpaka mabanja atatu oyandikana nawo anasamuka. Atakula anaphunzira ng'oma ndi mabelu, n'kukhala zaka zisanu ndi chimodzi akungoitanidwa wina akadwala. Chaka chino gulu lalikulu la oimba linamutenga mongomuyesa. Anamuuza mosapsatira kuti Lamlungu masana, poimba nyimbo yatsopano ya a Haugland, akangophonya abwerera kukadikira odwala.

Ntchito yake inali kumenya belu kamodzi kokha, pa chigawo cha 212 cha nyimboyo. Nyimbo za a Haugland zilibe pogwira, zimangolira ngati chitseko chosowa mafuta, ndiye woimba amawerenga zigawo chamumtima. Mwini nyimboyo anali atakhala kutsogolo, chala chikuyenda pa pepala lake.

Cha pa 160, mayi wina anatsokomola chifuwa chogwetsa denga. Torunn anadzidzimuka, nambala n'kuthawa. 164 kapena 174? Wotsogolera nyimbo anali atatembenukira kwa oimba azeze. Kumenya msanga kunali kutaya ntchito, kuchedwa chimodzimodzi.

Kenaka anaona a Sverre, mkulu woimba lipenga, akulipendeketsa kuti akhuthule malovu. Sabata yonse yokonzekera ankachita zimenezi malo amodzimodzi, kutatsala zigawo zisanu ndi zitatu kuti belu lilire, ndipo Torunn ankachita nazo nseru. Tsiku limenelo anayambira kuwerenga pa malovuwo, mpweya ataugwira. Zitakwana zisanu ndi zitatu, anamenya.

A Haugland sanadzutse mutu. Chala chinangopitirira ulendo wake.

Lachiwiri a gulu lija anauza Torunn kuti ntchito ndi yake. Tikumwa khofi kwa mlongo wanga, ndinafotokozera onse kuti nthawi itakwana ndine ndinamugwedezera mutu kuchokera pampando wanga, pakanapanda ine mwana akanamira.

"Amalume," anatero Torunn, osaleka kupaka batala pa buledi, "inu munali mtulo. Amene anatsokomola aja ndi amayi, pofuna kubisa mkonono wanu."