Chambo cha m'bwato lachitatu

Ndikukumbukira chaka chimene aphunzitsi Kamwendo anafika pasukulu yathu yofolera udzu ku Lifuwu, nkhondo itangotha kumene. Anabwera ndi nsapato zolira komanso Chizungu chodzaza m'kamwa. Liwu limene ankalikonda koposa linali lakuti refute. Ankati si kukana wamba ayi, pakuti ngakhale mbava imakana, koma kuonetsa poyera, ndi umboni, kuti zimene munthu wanena n'zabodza.

Tsiku lina anatiuza kuti ali msilikali anasambira mtsinje waukulu ngati kuchokera pagombe lathu kukafika ku chilumba cha Mbenji, mfuti ili pamutu. Ine, mwana wa msodzi, ndinkawaona akusamba m'beseni nyanja ili pakhomo. Pakamwa panga sipanachedwe, ndinati ndi bodza.

Chikwapu chinalira. Kenako anati Lolemba ndisapondenso pasukulu pokhapokha nditapepesa kapena kubweretsa umboni. Ndinachita mantha, chifukwa bambo ankangodikira chifukwa chondichotsera. Mtsikana wachisilamu pasukulu ya mishoni sizinkawasangalatsa. Komanso kupepesa pa zoona kunkandinyansa.

Loweruka m'mawa aphunzitsi anabwera kudooko kudzasankha nsomba. Mchenga unali utayamba kutentha, fungo la usipa lili ponseponse, mabwato atandandalikana m'madzi. Ndinagwada mwaulemu n'kuwauza kuti chambo chonona chili m'bwato lakutsogololo. Anaponda loyamba, lachiwiri, ndipo lachitatu linagudubuka monga limachitira ndi aliyense woponda m'mphepete.

"Mayo ine, ndikumira!" analira motero, Chizungu chonse chitathawa.

Ndinalowa m'madzi n'kuima pambali pawo. Madziwo anandilekeza m'chiuno.

"Aphunzitsi, ingoimirirani," ndinatero.

Anaimirira pang'onopang'ono, nsapato imodzi palibe. Amayi otsuka mbale anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedera.

Lolemba ndinakakhala pamalo panga, mtima uli m'mwamba. Anandiyang'ana kamodzi n'kuyamba masamu. Za mtsinje uja sitinazimvenso, ndipo sukulu ndinamaliza.

Masiku ano liwu lija la refute ndimalimva pawailesi kawirikawiri. Bwana akanenedwa kuti wadya za anthu, amangokonza tayi n'kulitchula, nkhani n'kuthera pomwepo. Umboni palibe aufunsa, ndipo palibe amutengera kudooko. Pamenepo ndimawasowa aphunzitsi Kamwendo. Anali abodza, inde, koma tanthauzo la liwulo anatiphunzitsa atanyowa mpaka kumutu.