Chimanga cha Amayi ndi Dzala la Mapulofesa

Ndikukumbukira chaka chimene anthu ophunzira anatulukira pa dimba la amayi ku Coventry. Ndinali ku pulayimale, kuzizira kwa kuno ndisanakuzolowere. Amayi anali namwino ku chipatala cha Walsgrave, ndipo akaweruka ankathamangira ku kadimba kobwereka kukhonsolo. Chimanga chathu choyera, chimene chinkakana dziko lino chaka ndi chaka, ulendo umenewu chinali chitabereka. Amayi anali atalonjeza kale anzawo a kutchalitchi mondokwa wootcha.

Ndiye kunabwera chigulu cha mapulofesa a mayunivesite angapo, wina wochokera kunja, ndi ophunzira awo. Ankafuna mzinda wakale, wa nthawi imene Coventry anali ndi linga ndi amonke. Mapu awo akuti ngalande ina yakalekale inkadutsa pansi pa chimanga chathu ndendende. Ntchitoyo ankaitcha mgwirizano, ndipo mawuwa ankangowabwereza ngati mlaliki amene mavesi amuthera.

"Bambo, tadikirani pang'ono chikhwime," amayi anapempha pulofesa wamkulu.

Iye anamwetulira n'kunena kuti ophunzira ake abwerera m'kalasi Seputembala. Amayi, munthu wa viza ya ntchito, sankafuna kulimbana ndi mzungu aliyense. Anangoti chabwino. Mgwirizano wake unathera pomwepo.

Mapulofesawo anachizula chimangacho m'mawa umodzi. Fungo la mapesi aawisi ndi dothi lonyowa silinandichokebe m'mphuno. Ine anandigwiritsa kachitsulo kokumbira n'kundiimika pakati pa chithunzi, mwana wakuda yekhayo, kuti dziko lione kuti eni dera nawonso alimo. Nanga anapezamo chiyani? Mapale, mafupa a nkhumba ndi chidendene cha nsapato. Dzala, anthuni! Akuluakulu aimvi kugwadira dzala, kumalisesa ndi mswachi, kenako n'kumalozana zala polimbirana kuti dzina la ndani likhale pamwamba. Ndinawada onsewo, ndipo mpaka lero sindinasinthe.

Amayi anatola tiana ta chimangato, tamkaka tokhatokha, n'kuika m'jumbo. "Iwe, usandililire m'basi muno," anatero tikubwerera kunyumba. Koma amene ankapukuta m'maso ndi mpango anali iwowo. Dzenje litakwiriridwa, dimbalo amayi anakalibweza kukhonsolo.

Masiku ano ndikumva kuti kuli makina oona pansi osakumba, ndiponso kuti amayamba aitana eni malo kumsonkhano wa tiyi ndi mabisiketi. Zikomo kwambiri, nzeru zafika mochedwa. Amayi ndi okalamba tsopano. Ndikawagulira chimanga chachikasu chotsekemera cha kushopu, amaluma kamodzi n'kukankhira mbale kwa ine.