Tsiku limene Gumbwa anakhala pansi

Ndikukumbukira kuti kuwerenga Chinyanja sindinaphunzire kusukulu. Kwathu ku Milange apulofesolo ankatiphunzitsa Chipwitikizi chokhachokha. Ine ndinaphunzirira pa mapepala okulungira usipa.

Amayi ankagulitsa usipa pamsika. Loweruka ankawoloka malire wapansi kupita ku Muloza, n'kubwera atasenza dengu la nsomba ndi mtolo wa nyuzipepala zakale za ku Malawi zokulungira malonda. Ntchito yanga inali kung'amba mapepalawo. Kutsamba lomaliza kunkakhala nthano yazithunzi ya Gumbwa, bambo wakabaza wamutu waukulu amene anaberedwa njinga, ndipo ankaisaka mudzi ndi mudzi. Tsamba limenelo sindinkang'amba. Ndinkalibisa m'saka kuseri kwa chitseko, likununkha nsomba ngati ife tonse.

Nyuzipepala za pamtolo sizibwera motsatana. Lero Gumbwa ali m'ndende, sabata yamawa apolisi sanamugwire n'komwe. Sizinkandivuta. Masana ogula akachepa ndinkawawerengera Amayi, iwo akuingitsa ntchentche ndi kutikita mawondo. Ankaseka pang'ono, kenako n'kuyamba kusinza.

Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kunabwera tsamba lachilendo. Gumbwa anafika pamtengo wa mango, anavula nsapato, n'kukhala pansi. Njinga sanaipeze. M'munsi mwake wojambula anatsanzika, anati watopa, maso sakuonanso bwino, nthano yathera pomwepo.

Ndinapsa mtima koopsa.

"Amayi, munthu ameneyu watinamiza. Nanga njinga ija?"

"Wakuuza kuti watopa, Rozita. Ukufuna azikwawa?"

Sindinamve zimenezo. Ndinkavundula mtolo uliwonse watsopano, koma pamalo pa Gumbwa panali malonda a feteleza.

Dzinja la chaka chimenecho miyendo ya Amayi inatupa, ndipo ku Muloza anasiya kupita. Mapepala anatha, usipa wotsala m'dengu n'kuyamba nkhungu chifukwa cha chinyezi. Unayenera kutha sabata yomweyo, apo ayi tikanautayira nkhuku.

"Katenge saka lako lija," anatero Amayi m'mawa wina. Ine ndinkayesa sakulidziwa.

Ndinalisenza mpaka kumsika ndikulira chamumtima. Munthu akagula mulu, ndinkasolola tsamba, kuliwerenga mothamanga komaliza, n'kukulunga. Gumbwa anapita ku Majaua m'chikwama cha mayi wina, anapita ku Molumbo atamangidwa pakaliyala ya njinga. Pofika madzulo linatsala la pamtengo wa mango lokha. Amayi analitenga, ndipo ngakhale sankadziwa kuwerenga, analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakulunga okha mulu womaliza.

Pobwerera tinkayenda pang'onopang'ono, iwo atandigwira paphewa. Tili pafupi kufika anati, "Ine ku Muloza sindidzapitanso, mwanawe. Ndatopa."

Loweruka lotsatira dengu ndinasenza ndine. Kusukulu ndinkapita mwa apo ndi apo, mpaka dzina langa anasiya kulitchula. Kwa zaka zambiri ndinkaona kuti anthu awiri ananditaya panjira chaka chimodzi, wojambula uja ndi Amayi anga, ndipo mkwiyo wake ndinkagona nawo.

Lero ndapitirira msinkhu umene Amayi anali nawo nthawi imeneyo. Malire ndimawolokabe, usipa tsopano timathira m'majumbo, ndipo mawondo anga amalira ndikamatula dengu. Ndazindikira kuti munthu akamati watopa, sanatope tsiku limenelo. Anatopa kalekale, koma ankayang'ana amene akumudikira, n'kunena kuti ndiyendeko kamodzi kokha. Amayi anayenda kamodzi kokhako mpaka miyendo inakana.

Mawu akuti ndatopa nane ali pamlomo m'mawa uliwonse. Koma mwana wanga wamkazi akanali pasukulu, ndiye ndimawameza, n'kupinda nkhata.