Kompyuta yanu inasankha, bambo anga apita osandimva

Bambo anga amwalira osamvanso mawu anga, ndipo shopu ina ya ku Boksburg ikuti palibe amene analakwa.

Bambowo ankagwira ntchito m'migodi ya kuno ku Joni, makutu anawasiya komweko. Ine ndimakhala ku Tsakane, ndimachapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Ndikaimba foni kwathu ku Ntcheu ankayankha ndi mng'ono wanga, iwo n'kumangofunsa kuti ndani ameneyo.

Ndiye ndinapita kushopu yoitanitsira anthu katundu ku China, kuti ndiwagulire kachipangizo ka m'khutu kothandiza kumva. Panali mitundu iwiri. Mwini shopu ananditembenuzira kompyuta. Akuti imawerenga yokha ndemanga za ogula a ku China, n'kutolamo paliponse pamene munthu wayerekeza katundu uyu ndi uyo, kenako n'kunena wapambana. Ndinamuuza kuti kwathu kulibe magetsi. Iye amvekere, "Eish mama, musavutike, kakang'onoka ndiye sharp. Makina sanama."

Ndinagula. Bokosi sindinatsegule n'komwe. Mphatso ya kholo ungaitumize yotsegula ngati kaunjika? Ndinapatsira transipota amene amatinyamulira katundu wopita kumudzi.

Kanagwira ntchito tsiku limodzi, ine ndili kuntchito, foni ili m'chikwama. Pomwe ndinkaweruka n'kuti katazima. Si kofuna kutchaja tsiku lililonse kodi! Mng'ono wanga anapita nako kumsika kukatchajitsa, kanakapsera pa batire la wometa tsitsi.

Kanabwerera kuno ndi transipota yemweyo, ndipo nonse mukudziwa mmene amachedwera. Kushopu akuti nthawi yobweza katundu inatha kalekale. Ndinakakamira kuti andimasulire ndemanga zija. Anthu inu! A ku China ankayamikira zoti n'kakang'ono kuposa kanzake, sikaoneka m'khutu, bokosi lake n'lokongola. Kanzake kaja, kamene kompyuta inati kagonja, n'koyendera mabatire a tochi opezeka pa okala iliyonse.

Ndinamufunsa mwini shopu uja ngati anaziona zimenezi. Akuti iye sawerenga, imeneyo ndi ntchito ya kompyuta. Nanga pakauntalapo amakhalirapo chiyani, ndi maluwa? Nkhalamba ya ku Ntcheu inkafuna kutchena m'khutu?

Abale anga a ku Tsakane ndi ku Katlehong, akakuuzani kuti ichi chapambana, muzifunsa kuti chapambana pa chiyani.

Bambo atadwalika, mng'ono wanga anawaikira foni pakhutu. Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka m'nyumba. "Bambo, ndine Esinati!" Ndinawamva bwinobwino akufunsa, "Bwanji sakuyankhula mwanayu? Kodi anandikwiyira?" Sabata yomweyo anatisiya.

Mtima ukundiwawa, sindikubisa. Za ndalama zisiyeni. Inu a shopu, funsani kompyuta yanu yanzeruyo indiuze: bambo anga ndikawauza bwanji kuti sindinawakwiyire?